Anamzeze amene amadikiridwa ku London amachokera kuno

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Ulongue. Akuti msuweni wawo amene amakhala ku London amaika zithunzi pa Facebook Epulo aliyense: anthu atalawirira kupita ku paki ya mumzinda, magalasi oonera patali ali m'khosi, kukadikira mbalame zimene zimafika m'nyengo imene Angerezi amati spring, Apwitikizi primavera. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi nyengo imeneyi kwathu kuno iliko? Nanga poti mapaki otere tilibe, ndipo ana anga kusukulu akaona mbalame amangoona ndiwo, legeni ili m'thumba, ndingayambire pati?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso ili. Landikhudza, chifukwa inenso ndinakulira ku Angónia komweko ndisanatsikire kuno ku Tete, kumene agogo ankati ku Nyungwe.

Nyengoyo iliko, koma musaiyembekezere mu Epulo. Kwathu imayamba pamene chisanu chatha, mitengo ya m'thengo n'kutulutsa mphukira zofiirira mvula isanagwe n'komwe, ndipo imafika pachimake chizimalupsa chikagwa, inswa n'kuyamba kutuluka. Tinene kuti kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Mphamba zija zimalanda anapiye pabwalo zimakhala zoyamba: mukaziona zikuzungulira pamwamba pa msika mu Ogasiti kapena Seputembala, dziwani kuti ulendo wa mbalame wayambika.

Ndipo zina mwa mbalame zimene msuweni wanu amadikira ku London n'zimene ife timatsanzikana nazo mu Malichi ndi Epulo. Taonani namzeze. Alipo anamzeze athu amene amamanga zisa zadothi pakhonde la tchalitchi ndi pansi pa milatho, koma alipo ena, a pakhosi pofiira pokhala ndi mzere wakuda m'munsi mwake, amene kuno samanga chisa ngakhale pang'ono. Amafika mu Okutobala ndi Novembala, amadya tizilombo m'madambo mwathu dzinja lonse, usiku n'kumagona m'mabango, ndipo chimanga chikamakhwima mudzawaona atandandalika pa mawaya a magetsi mazanamazana. Patapita masiku ochepa, zii. Apita kukaswa ku Ulaya ndi ku Asia. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kamauluka mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000. Anthu a ku Ulaya anatsimikiza zimenezi mu Disembala 1912, pamene namzeze amene anamuveka kamphete kumwendo ku Staffordshire, ku England, mu 1911, anagwidwa ku Natal, ku South Africa. Ine ndikaganiza za kamphete kameneko ndimaona dambo la kwathu mwa mtundu wina. Bango limene timalitentha mu Okutobala ndi chogona cha mlendo amene wawoloka chipululu cha Sahara kapena nyanja kuti afike.

Za paki musadandaule nazo. Ku London mbalame zimadzaza ku Regent's Park kapena Hampstead Heath chifukwa ponseponse ndi nyumba ndi phula, choncho pamene patsala mitengo ndi madzi m'pamene zimatera. Funsani funso lomwelo ku Ulongue: mitengo ikuluikulu yatsala pati, madzi ali pati? Muyankha nokha. Pali mikuyu ndi mango pabwalo la sukulu kapena pamishoni, pali madimba m'mphepete mwa dambo, ndipo pali nkhalango ya kumanda, imene m'midzi yambiri ndi yokhayo imene nkhwangwa sinaikhudze. Kumandako musalowe ndi ana, mwambo wake mukuudziwa. Imani kunja m'mphepete dzuwa likamatuluka, mungomvetsera. Mudzamva apumbwa, njiwa za mitundu iwiri kapena itatu, ndi zina zimene mayina ake mudzachita kufunsa kwa akuluakulu.

Kuno kumzinda paki yanga ndi mtsinje wa Zambezi. Ndimapita isanakwane 6 koloko, chifukwa kutentha kwa Okutobala ku Tete sikulola munthu kuima padzuwa ikakwana 9. Kuchokera pafupi ndi mlatho wa Samora Machel munthu amatha kuona akakowa, anantchengwa, ndipo tsiku lina nkhwazi imalira kutsidya. Koma chimene ndimafunitsitsa kuti mwana aliyense wa m'chigawo chino adzachione ndi afulagombe ofiira aja, a mutu wobiriwira, amene amakumba maenje m'magombe a mchenga a Zambezi ndi Luangwa kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti. Dzenje limodzi limalowa mita imodzi kapena kuposa, ndipo gombe limodzi limakhala ndi maenje mazana. Zikadzuka zonse pamodzi, gombe limaoneka ngati layaka moto. Kumtunda kwa mtsinje ndinaonapo gombe lotere litaphimbidwa ndi neti ya udzudzu. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa amene anatchera sanaphe mbalame zimene zinakodwa zokha, anapheratu ndi anapiye onse amene anali m'maenjemo akudikira chakudya.

Apa ndiye tafika pa nkhani ya legeni. Aphunzitsi, musawachititse manyazi anawo. M'nyumba zambiri nyama imaoneka patalipatali, ndipo mwana wobwera ndi njiwa ziwiri amayamikiridwa. Komanso mnyamata amene amatchera ulimbo ndiye katswiri wa mbalame m'kalasi mwanu: amadziwa mtengo umene timba amagona, amadziwa kulira kwa nkhwali, amadziwa chisa chilichonse m'njira yopita kudambo. Mukamuyesa chigawenga mwamutaya. Mupatseni kope, akhale wolemba wamkulu. Chimene mungapemphe, ndipo ana amachimvetsa chifukwa amaweta nkhuku, n'chakuti nyengo yoswa legeni ipume ndipo zisa zisaphwasulidwe. Palibe amene amapha thadzi lofungatira. Makolo athu anali nawo malamulo otere. Ndani mwa ife amene sanaopsezedwe kuti asakhudze chisa cha nantchengwa?

Kadzidzi yekha ndiye adzakuvutani, chifukwa mantha a ufiti ndi ozama ndipo sathetsedwa ndi phunziro limodzi. Ine ndimangotenga timibulu timene amalavula pansi pa mtengo umene amagona, n'kutiphwanya pamaso pa ana. M'kati mumapezeka ubweya ndi tizigaza ta makoswe, omwe aja amaboola nkhokwe.

Komabe kunena zoona, legeni si mdani wamkulu. Yendani pa msewu wa ku Changara kapena wa ku Zobue muwerenge matumba a makala. Ambiri mwa iwo m'chigwa chino ndi tsanya, ndipo m'mphako za tsanya wamkulu ndimo mumagona tizinkhwe tobiriwira ta kumaso kofiirira timene m'mabuku amatitcha Lilian's lovebird, timene padziko lonse timapezeka kudera lathu lino basi: chigwa cha Zambezi, Luangwa ndi Shire, ndi pang'ono kumwera kwa Tanzania. Mtengo wa mphako sumera m'zaka khumi. Palinso mankhwala a m'munda amene ena amathira m'zithaphwi kapena pa nyama yakufa. Miimba ndiyo yavutika nazo kwambiri, moti mu 2015 bungwe loona zoteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu ingapo ya miimba ya mu Africa pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka. Paki ya Magoe, imene boma linakhazikitsa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, imathandiza, koma mbalame sidziwa malire a paki. Za moto wa m'madambo kambiranani ndi amfumu ndi komiti ya makolo panopa, udzu usanayambe kutenthedwa paliponse. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Kungosiya chigawo chimodzi cha bango chosatentha n'chinthu chimene mudzi ungavomere.

Magalasi oonera patali ndi abwino mukawapeza, koma musawadikire. Ngati foni yanu ili ndi intaneti, pulogalamu ya Merlin ndi yaulere ndipo imathandiza kuzindikira mbalame. Chofunika kwambiri ndi kope lija: tsiku, malo, dzina la mbalame m'Chichewa monga agogo a mwanayo amaitchulira, ndi chimene imachita. Mayina amenewa akutha msanga kuposa mbalame zake, ndipo a ku Tsangano satchula zonse mofanana ndi a ku Furancungo.

Loweruka lachiwiri la Okutobala ndi tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka padziko lonse, ndipo limagwa nthawi yabwino kwa ife. Tulukani ndi ana m'mawa umenewo mpaka kudambo. Mukadzaona namzeze woyamba wa pakhosi pofiira pa waya ku Ulongue, mundilembere tsiku lake, ine ndidzakutumizirani la kuno kumtsinje, ndipo msuweni wanu adzatiuze la ku London Epulo akubwerayu.