Mwakweza liwiro koma mapointi atsika: poyambira kufufuza

Achimwene, mwalemba kuti purosesa yanu ya Ryzen 5 5600X munaiika pa 4.5 GHz pa ma core onse, RAM munaikankha kufika pa DDR4-4000, memory ya graphics card nayonso munaikweza, koma mapointi a Cinebench R23 ndi 3DMark Time Spy, mapulogalamu oyesera mphamvu ya kompyuta, atsika kuyerekeza ndi momwe analili poyamba. Ndikumvetsa kukhumudwa kwanu, ndipo sindikuganiza kuti pali chomwe chawonongeka. Mwasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo chilichonse mwa zitatuzo chikhoza kutsitsa mapointi pachokha.

Yambani ndi kubweza BIOS pa Load Optimized Defaults, mubwezenso zonse mu MSI Afterburner (pulogalamu yosinthira liwiro la graphics card), mutseke mapulogalamu ena onse, kenako muyese katatu n'kulemba zotsatira papepala. Popanda manambala amenewa simungadziwe ngati chomwe mwasintha chathandiza kapena chawononga.

Pa purosesa, ndikukayikira kwambiri 4.5 GHz imeneyo. 5600X ikasiyidwa yokha imatha kukwera mpaka 4.6 GHz pa ntchito yogwiritsa core imodzi kapena ziwiri, ndipo mukaikira liwiro limodzi ma core onse mumathimitsa Precision Boost, njira imene purosesa imadzikwezera liwiro yokha, kotero pa mayeso a single core ndi m'magemu ambiri mwaichepetsera liwiro m'malo moiwonjezera. Chachiwiri, tsegulani HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa liwiro ndi kutentha kwa zipangizo, pamene Cinebench ikuyenda ndipo muyerekeze mzere wa Core Clock ndi wa Effective Clock. Voltage ikachepa kuposa imene purosesa ikufuna, Ryzen imatha kudziteteza mwa kuchedwetsa ntchito mkati mwake pamene nambala yoonekera ikadali 4.5, ndipo kusiyana kwa mizere iwiriyo ndiko kumaulula zimenezi. Pomwepo yang'anani kutentha: malire a purosesayi ndi madigiri 95 Celsius, ndipo mukaona mukuyandikira pamenepo, chotsani cooler, mupukute thermal paste yakale, mupake yatsopano n'kumanga zomangira mofanana mbali zonse. Kunena zoona, pa purosesa iyi ine ndingasiye overclock yoikira pamanja n'kugwiritsa ntchito PBO (Precision Boost Overdrive, imene imakweza malire a Precision Boost) pamodzi ndi Curve Optimizer (yosinthira voltage imene purosesa imagwiritsa pa liwiro lililonse), chifukwa njira imeneyo siikulandani liwiro la core imodzi.

RAM ndiyo imanyenga anthu ambiri, chifukwa 4000 imaoneka yaikulu kuposa 3600. Pa Ryzen 5000, memory imayenda bwino ikamayendera limodzi ndi Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa purosesa, kutanthauza kuti MCLK (liwiro la RAM), UCLK (liwiro la memory controller) ndi FCLK (liwiro la Fabric) zikhale pa nambala imodzi. DDR4-3600 imafuna FCLK ya 1800 MHz, imene pafupifupi purosesa iliyonse ya mtunduwu imakwanitsa, pamene DDR4-4000 imafuna 2000 MHz, imene ambiri amalephera kufikira. Zikatero motherboard nthawi zambiri imagawa liwiro la memory controller pakati, ndipo nthawi yodikira deta imatalika moti phindu lonse la 4000 limatayika. Mukakakamiza FCLK pa 2000, kompyuta ikhoza kuyaka bwinobwino koma n'kumakonza zolakwika mwakachetechete. Tsegulani Event Viewer mu Windows, mufufuze WHEA-Logger, pomwe Windows imalemba zolakwika za zipangizo, ndipo mukapeza Event ID 19 ikubwerezabwereza, dziwani kuti Fabric yalemedwa. Tsikirani pa 3600, FCLK 1800. Onetsetsaninso kuti ndodo ziwiri za RAM zili m'malo amene buku la motherboard likunena, kawirikawiri A2 ndi B2, chifukwa zikakhala pa channel imodzi mapointi amagwa kwambiri ngakhale china chilichonse chili bwino.

Graphics card ili ndi msampha wofanana. Memory ya GDDR6 imazindikira deta yolakwika n'kuitumizanso, choncho mukaikweza mopyola, chithunzi chikhoza kukhala choyera, kompyuta osazima, koma mapointi n'kumatsika chifukwa nthawi ikuthera pobwereza zomwe zalakwika. Kwezani pang'onopang'ono, mwina ndi 100 MHz nthawi iliyonse, muziyesa Time Spy pakati, ndipo pamene mapointi asiya kukwera mubwerere sitepe imodzi kapena ziwiri. Mu GPU-Z, pulogalamu yoonetsa momwe graphics card ikuyendera, muli mzere wa PerfCap Reason umene pa makadi a NVIDIA umasonyeza ngati khadi likubwezedwa ndi malire a mphamvu kapena ndi kutentha.

Ndondomeko imene ndingatsatire ndi iyi: RAM poyamba, PBO pambuyo pake, graphics card pomaliza, ndipo pakati pa chilichonse muziyesa n'kulemba. Mukamaliza gawo loyamba, mutitumizire chithunzi cha HWiNFO64 chojambulidwa Cinebench ili mkati, chooneka Effective Clock, FCLK, UCLK ndi kutentha, komanso mutiuze mtundu wa motherboard ndi cooler yanu, kuti tione bwino pomwe pakutsamwira.