Nyali zotchaja ku kampu ya achinyamata, zikafika usiku wachitatu?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amayang'anira gulu la achinyamata pa mpingo wawo ku Blantyre. Akuti mwezi wa July akutenga ana pafupifupi 40, anyamata ndi atsikana, kukagona masiku atatu m'matenti pa phiri la Zomba, ndiye komiti yawo yagawikana. Akuluakulu ena akuti tingotenga nyali za parafini ndi makandulo ngati kale, pomwe iwowa akufuna nyali zotchaja koma akuopa kuti komwe akagoneko kulibe potchajira, zikakathima usiku woyamba aliyense adzaloza chala iwowo. Akufunsa kuti kodi zikagwira ntchito, nanga agule zotani komanso zingati.

Achemwali, zikagwira ntchito, ndipo za parafini ndi makandulo mu tenti musalole olo pang'ono. Tenti zambiri masiku ano ndi za nailoni, zikakhudza moto zimasungunuka nkumadonthera pa munthu, onjezani maneti a udzudzu, mabulangete, zikwama zapulasitiki, ndi ana 6 amene akugubuduzika mumdima, wina angokankha nyali ndi phazi basi nkhani yavuta. Kuphiriko kulinso mitengo ya paini yambiri, masamba ake ouma aja sachedwa kuyaka. Ndipo poti July kumazizira zedi kumeneko ndinenepo ichi ndisanaiwale, padzapezeka mwana wanzeru zake wofuna kulowetsa mbaula mu tenti kuti aothe. Makala oyaka pamalo otseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, sununkha suoneka, munthu amangogona tulo tosadzuka nato. Muwauze tsiku loyamba lomwe, mokweza mawu.

Koma mantha anuwo ndi oona. Ine zinandichitikirapo, tinapita ndi gulu ku Mulanje titanyamula nyali zatsopano zotchaja bwinobwino, usiku woyamba kunawala ngati tili mtawuni aliyense kusangalala, usiku wachiwiri nthawi ya mapemphero zinayamba kufiira imodziimodzi mpaka tinamaliza kuimba tikuunikirana ndi moto wa nkhuni. Nditafufuza mmawa ndinapeza zinthu ziwiri. Nyali zonse zinkayatsidwa pa mphamvu yomaliza kuyambira dzuwa litangolowa, ndipo anyamata anali atazindikira kuti kumbuyo kwake kuli kabowo ka USB, ndiye usiku wonse amasinthanasinthana kutchaja mafoni. Nyalizo zinalibe vuto lililonse, moto wake ndi umene tinaumwaza tokha.

Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pa masamu aang'ono awa. Nyali zambiri zotchaja za masiku ano mkati mwake mumakhala batire la lithium lotchedwa 18650, looneka ngati batire la tochi koma lalitaliko, la 3.7V. Tiyerekeze kuti ndi la 2000 mAh (muyezo wa moto umene batire limasunga), mukachulukitsa ndi 3.7V ija mupeza mphamvu pafupifupi 7.4 Wh, kutanthauza kuti lingayatse nyali yodya watt imodzi (1W) kwa maola 7.4. Nyali ikamadya 3W pa kuwala kwambiri, imeneyo ndi maola awiri ndi theka osakwananso bwino. Nyali yomweyo mukaitsitsa kuti izidya theka la watt ikupatsani maola oposa 12. Mwaona kusiyana kwakeko eti? Batani lomwelo, nyali yomweyo. Tsono foni zambiri zomwe ana ali nazozi batire lake ndi la 4000 kapena 5000 mAh, kutanthauza kuti foni imodzi yokha imatha kumwa moto wonse wa nyali ija koma osadzaza. Mwana mmodzi akafuna kuona TikTok, tenti yonse igona mumdima masiku awiri otsalawo.

Nanga mukufuna maola angati? July dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndi theka, ikamati 6 kwada bii. Mukamagona 10 koloko ndiye maola 4 amenewo, kuphatikiza ola limodzi la mbandakucha pamene ophika phala adzuka, maola 5 pa tsiku, masiku atatu maola 15. Nyali ya mu tenti siifunika maola onsewo, ana amangolowa kusintha zovala ndi kuyala, mwina ola limodzi pa usiku. Zimene zimavutika ndi za kukhitchini, za pamalo osonkhanira ndi za kuchimbudzi. Zimenezo ndi zomwe muzilingalire kwambiri.

Pa kagulidwe, zolemba pa katoni musazikhulupirire msanga. Muona zina zalembedwa 9900 mAh pa kabatire kamodzi ka 18650, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, mabatire enieni a saizi imeneyo ochokera ku makampani odziwika amathera cha m'ma 3500 mAh. Ma lumens, muyezo wa kuwala kwa nyali, nawonso amangolemba mmene afunira. Mu tenti ma lumens 30 mpaka 50 akwana, mutha kuwerenga nawo Baibulo nyali ili pafupi, pamalo odyera kapena ophikira 200 mpaka 300 ndi abwino. Chimene ine ndimachita ndi ichi, ndimagula imodzi kaye, kuitchaja mpaka kudzaza, kuiyatsa pa mphamvu yapakati madzulo nditalemba nthawi, nkuona kuti ithima nthawi yanji. Ikakhoza mayeso amenewo ndiye ndibwerere ku shopu kukatenga zinzake. Muli ndi masabata angapo, chitani zomwezo, ndipo lisiti musataye. Ngati ndalama ikulola, nyali za sola za mitundu yodziwika ngati Sun King kapena d.light zimapezeka m'dziko muno ndipo zimakhala ndi waranti, maola amene alemba amakhala pafupi ndi zoona kusiyana ndi zopanda dzina zija.

Muinyamulenso m'manja muimve kulemera. Pali nyali zina zazikulu zotchipa zokhala ndi chingwe cholowetsa ku soketi ya khoma mwachindunji, zambiri mwa zimenezo mkati muli batire la lead-acid, mtundu wa batire la galimoto koma laling'ono. Kunyumba magetsi akazima zimathandiza ndithu, koma ku kampu ndi mtolo, nzolemera, sungazitchaje ndi pawa banki, ndipo batire lake likangotheratu nkukhala masabata osatchajidwa limafooka osabwereranso. Sankhani zotchajira pa USB, makamaka USB-C kuti zingwe zifanane ndi za mafoni ambiri. Ikhale ndi kosinthira kuwala kosachepera magawo atatu, ndi kokolowekera pamwamba. Mukaona palembedwa IPX4 ndiye kuti madzi owaza siiwaopa, ndipo zimenezo nzofunika chifukwa nyengo imeneyo ndi ya chiperoni, chifunga ndi kamvula kowaza kamatha kukhala tsiku lonse. Yopanda chizindikirocho ingoivekani jumbo yoonekera mkati, imawala bwinobwino.

Chiperoni chomwecho ndi chifukwa chake sindikufuna mudalire sola yokha. Kapanelo kakang'ono kamene kamamatidwa pamutu pa nyali zina kaja nthawi zambiri sikafika ndi 1W yomwe, kuti kadzaze batire kamafuna masiku angapo a dzuwa lamphamvu, tsono inu muli mu chifunga pansi pa mitengo. Panelo yapadera ya 10W kapena 20W yokhala ndi USB ndiye imathandiza dzuwa likatuluka, mutenge ngati wina ali nayo, koma muitenge ngati bonasi. Chodalira chenicheni ndi pawa banki. Ya 20,000 mAh yeniyeni, mukachotsa moto umene umatayika potchaja, imatha kudzaza nyali ya 2000 mAh ija ka 5 kapena 6. Ziwiri zoterozo pa gulu lanu zikwana, bola zikhale za nyali zokha. Ngati galimoto imene yakuperekezani ikugona komweko muthanso kutchajira m'menemo injini ikulira, osati itazima, mungadzavutike kuiliza tsiku lobwerera.

Zingati? Ine ndimakonda zing'onozing'ono zambiri kusiyana ndi chimphona chimodzi, chifukwa chimphonacho chikagwa pansi nonse mwagwa nacho. Ana 40 mukawagawa 6 pa tenti ndi matenti 7, iliyonse kanyali kake. Kukhitchini ziwiri, posonkhanira ziwiri zowala bwino, chimbudzi cha atsikana imodzi cha anyamata imodzi, ndi ina imodzi yotsekera mu bokosi la first aid imene palibe woigwira pokhapokha wina wadwala kapena wavulala. Zonse 14. Musadzidzimuke, sikuti mugule zonsezo. Ndi kuzimazima kwa magetsiku makomo ambiri ali nazo kale, lengezani ku tchalitchi kuti amene angathe abwereke, muzimate selotepu nkulemba nambala ndi dzina la banja, muziyese zonse sabata imodzi musananyamuke chifukwa zina mupeza batire linafa kalekale zimangowala zikakhala pa chingwe. Ndalama ya komiti ipite ku zinayi zazikulu zija ndi ma pawa banki. Atsogoleri aliyense akhale ndi tochi yakeyake, yovala pamutu ndiye yabwino kwambiri manja amakhala omasuka.

Za kuchimbudzi ndiimepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amaziiwala, amaganiza za pa guwa ndi pa mphika basi. Mwana wamkazi wa zaka 13 akadzuka 2 koloko usiku pamalo achilendo kunja kuli bii, ambiri amangopirira mpaka kuche kapena amakhala kuseri kwa tenti, ena amapita okha nkupunthwa pa zingwe za matenti. Nyali ya kuchimbudzi iyake usiku wonse pa mphamvu yotsikitsitsa, ndipo imeneyo ndiyo yoyamba kutchajidwa mmawa uliwonse, za posonkhanira zidikire. Ana aziyenda awiriawiri, ndipo amayi oyang'anira atsikana adziwe kuti akudzutsidwa ndi ndani. Makolo akupatsani ana awo, kanyali kameneko musakachepetse.

Chimene chinatipulumutsa ife ulendo wotsatira ndi kusankha munthu mmodzi woyang'anira nyali. Osati inu, muli ndi zambiri kale. Pezani wachinyamata wamkuluko amene anzake amamumvera, mmawa azitolera nyali zonse, kuwerenga manambala, kutchaja zimene zafooka, madzulo 5 koloko nkuzigawanso. Masana nyali isapezeke mu tenti. Tibowo ta USB totulutsa moto timateni selotepu, ndipo za mafoni mugwirizane musanachoke ku Blantyre, kaya muwasonkhanitsa nkumawapatsa ola limodzi loimbira kunyumba kaya aliyense abweretse pawa banki yake, koma foni ziwiri za atsogoleri zikhale ndi moto nthawi zonse chifukwa cha zadzidzidzi.

Nyali muziikoloweka pamwamba, ikakhala pansi imangothobwa anthu m'maso nkumapanga zithunzithunzi, kenako wina amaikweza mphamvu poganiza kuti siikuwala. Tochi wamba mukaigundika pa chigubu choyera chodzaza madzi kuwala kwake kumamwazika ngati nyali, ana amazikonda zimenezi ndipo zimathandiza ina ikathima. Tizilombo touluka timakonda kuwala koyera kwa mbuu kuposa kwachikasu, ndiye ya kukhitchini isalendewere pamwamba penipeni pa mphika wa ndiwo, ipatukeko pambali. Koma udzudzu sutsata nyali kwenikweni, umatsata mpweya ndi fungo la munthu, choncho maneti tengani ndithu. Nthawi ya moto wa madzulo mukamaimba mozungulira nkhuni zimitsani nyali zonse kupatula ya kuchimbudzi, maola awiri amenewo mwasunga, ndipo kukakhala kopanda chifunga ana a mtawuni aone nyenyezi zimene ku Ndirande kapena ku Chilomoni saziona bwino.

Kuzizira kumafooketsa batire la lithium, limaoneka ngati latha msanga pomwe moto ulimo, ndiye ma pawa banki usiku muziwasunga mchikwama pakati pa zovala. Koma potchaja ayi, zikhale poyera pamalo ouma, osati pansi pa bulangete kapena pilo, osati pafupi ndi moto, osatinso pa dashibodi ya galimoto yotseka dzuwa likuswa. Nyali kapena pawa banki ikatupa, ikamatentha modabwitsa kapena kununkha, isiyeni patali ndi matenti musaitchajenso, ndipo mwana asaponye batire lakutha pa moto kuti aone chimene chichitike, limaphulika.

Mukabwerako musangoziponya mu kabati ya ku vestry mpaka chaka chamawa. Zobwereka zibwezeni zitatchajidwa, eni ake adzakubwerekaninso. Za gulu za lithium zisungeni zili ndi moto wa theka kapena kuposerapo pang'ono, pakatha miyezi itatu iliyonse wina azitulutse azitchajeko, ngati pali za lead-acid zija zimenezo zimafuna kusungidwa zodzaza ndi kutchajidwa pafupipafupi. Ndipo ku komiti kuja musakangane nawo akuluakuluwo ndi pakamwa, gulani imodzi ija muiyese, pepala la maola mulitenge limodzi ndi nyaliyo ku msonkhano wotsatira aione okha. Mukatsika phiri mundilembere achemwali, ndikufuna ndidziwe kuti usiku wachitatu zinali zikuyaka zingati.