Watuluka kundende, wabwerera m'mudzi: akumuyang'anira ndani?

Mayi wina wa kufupi ndi Ngabu wandilembera imelo. Akuti bambo amene anamangidwa atagwiririra mwana watuluka kundende, ndipo masana amakhala pansi pa mtengo wa masawu pafupi ndi mjigo pomwe atsikana amatunga madzi. Akufunsa: "Kodi boma limamuyang'anira munthu wotereyu?"

Mayi, mantha anuwo ndi omveka. Ku England kuli dongosolo lotchedwa MAPPA, pomwe lamulo la 2003 limakakamiza apolisi, andende ndi oyang'anira omasulidwa kukhala pamodzi, kuona kuopsa kwa munthu aliyense n'kugawana ntchito. Wotulukayo amalembetsa kupolisi komwe akukhala. Kuno kwathu maofesi alipo, koma nthawi zambiri amayamba kulankhulana wina akawagogodera.

Ndiye gogodani. Pitani kupolisi, mufunse ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Musapite nokha: tengani anyakwawa, mmodzi wa achitetezo cha m'mudzi, ndi wa mother group ya pasukulu panu. Mufotokoze zimene mwaona, malo ndi nthawi yake, ndipo zilembedwe. Kenako kaonaneni ndi wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, amene amachokera ku ofesi ya Social Welfare ya kwa DC ku Chikwawa. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana akhoza kuimba yekha.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'chigwa cha Shire chino ndi milandu yothera pabwalo la mfumu, mbuzi n'kuperekedwa, mwana n'kuuzidwa kuti akhale chete. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa kukhoti. Mwana akachitidwa chipongwe afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo asasambe kaye, zovala zisachapidwe. Tikumbuke Eric Aniva wa ku Nsanje: za ufisi wake zinkadziwika, koma anamangidwa mu 2016 BBC itaulutsa nkhani yake.

Bambo wotuluka kundende uja musalole anyamata kumumenya kapena kumuwotchera nyumba. Akathawira ku Bangula kapena kutsidya ku Mozambique, akapeza ana ena komwe palibe womudziwa.

Konzekeraninso dzinja. Shire akasefukira monga nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, mudzi wonse umagona m'makalasi, zimbudzi zili kumdima. Auzeni apolisi ndi komiti ya pamsasa tsiku loyamba lomwelo, kuti bamboyo agone kutali ndi ana.