Tifunseni: Kodi mwana wanga akungowononga penti?

Funso: Ndine mayi wa ku Mangochi. Mwana wanga wa zaka 17 amakonda kujambula ana akusewera kunyanja, koma asanayambe chithunzi chenicheni amayamba wapakapaka timatabwa tambirimbiri, nkhope zake zosadziwika n'komwe. Penti wamafuta ndi wodula, timachita kuitanitsa ku Blantyre. Ndimuletse?

Yankho: Musamuletse mayi, chonde. Mwanayu njira waipeza yekha, ndipo ndi yomwe ankadzera akatswiri.

Ndikuuzeni za Albert Edelfelt wa ku Finland, amene anabadwa mu 1854. Luso anakaphunzira ku Antwerp ndi ku Paris, koma nyengo yotentha ikafika ankabwerera kwawo ku Haikko, m'mbali mwa nyanja pafupi ndi tauni ya Porvoo. Mu 1884 anajambula anyamata akuseweretsa timaboti m'madzi osaya, chithunzi chimene lero chili ku Ateneum, nyumba yosungira zithunzi mumzinda wa Helsinki. Chinanso, cha mu 1879, n'cha banja likupalasa boti mutanyamulidwa kabokosi ka maliro a mwana, ndipo chinapata mendulo ku Paris mu 1880. Zithunzi zotere sizinkatuluka tsiku limodzi. Ankayamba ndi tizithunzi toyeserera panja, kenako n'kukasonkhanitsa zonse pansalu yaikulu.

Chifukwa chake mukuchidziwa kale, inu amene munalera. Ndi mwana uti angaime phee kwa ola lathunthu anzake akusambira? Dzuwa nalo silidikira. Madzi a kunyanja m'mawa asodzi akamakocheza ndi usipa amakhala ndi mtundu wina, pofika masana asanduka kale. Kathabwa kaja ntchito yake n'kugwira msanga mtundu wa madzi, kung'anima kwa msana wonyowa, ndi mmene mwana wapindira bondo pokankha bwato. Nkhope imabwera pambuyo. Ena amati bwanji osangojambula ndi foni n'kukatengera kunyumba. Foni imathandiza ndithu, koma ine zithunzi zotengera pafoni ndimazizindikira msanga: mithunzi imada bii, ana n'kuuma gwa.

Za msinkhu wake musade nazo nkhawa. Akseli Gallen-Kallela, wojambula winanso wa ku Finland, anali ndi zaka 19 zokha pamene anajambula mnyamata wosavala nsapato akuyang'anitsitsa khwangwala, m'chaka chomwecho cha 1884.

Pa nkhani ya ndalama ndikukumvetsani. Timatabwato tisakule kuposa kope la kusukulu, ndipo ayambe watipaka penti woyera wotchipa kuti thabwa lisamwe mafuta. Mitundu isanu ikukwana: woyera, wachikasu, wofiira, wabuluu ndi wakhofi. Kayendedwe ka ana aziyamba wakagwira ndi pensulo, penti n'kusungira kuwala ndi mitundu. Penti wamafuta amatenga masiku kuti aume, choncho mumupezere malo opanda fumbi, ndipo timatabwato musakolezere moto, azilemba tsiku kuseri n'kusunga. Komanso asanajambule mwana wa eni, makamaka posamba, ayambe wapempha kwa makolo ake.