Kodi boti la matabwa lingapikisane ndi la fayiba?

Bambo wina wa ku Salima, kalipentala wodziwa ntchito yake, anditumizira imelo. Akuti adaona maboti a matanga akuthamangitsana ku Senga Bay, ndipo kuchokera tsiku limenelo mtima wawo uli pomwepo. Akufunsa ngati angathe kukhoma boti ngati la asodzi, kuliika thanga, n'kukalowa nawo mpikisano.

Bambo, kukhoma mungathe ndithu, ndipo ndikufunitsitsa mutatero. Koma lisakhale ngati la asodzi. Boti la asodzi analipangira kunyamula chilimira, alovi ndi usipa, ndipo chimalikankha ndi injini, choncho kulemera kwake sikudetsa nkhawa. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba, koma pa mpikisano wa thanga kulemera ndiye mdani wanu woyamba. Mphepo ikachepa, boti lolemera limangoima anzanu akupita.

Yambani ndi laling'ono la plywood. M'chaka cha 1962, Jack Holt ndi Barry Bucknell a ku Britain adapanga boti lotchedwa Mirror, lomwe nyuzipepala ya Daily Mirror idalilimbikitsa kuti anthu wamba azidzipangira pakhomo. Kutalika kwake ndi mamita 3.3, ndipo thupi lake limalemera pafupifupi makilogalamu 45, moti anthu awiri amalinyamula bwinobwino. Kapangidwe kake ndi komwe ndikufuna mutengere. Mumadula zidutswa motsatira pulani, kuboola timabowo m'mphepete, n'kuzisoka ndi waya wa kopa. Mukamapotokola wayayo ndi pulayala, mudzaona matabwa aja akupindika okha mpaka mimba ya boti kuonekera. Kenako mumasakaniza guluu wolimba wotchedwa epoxy ndi utuchi wosefa mpaka zilimbe ngati chiponde, kumata m'makona monse, n'kuyalapo tepi ya fayiba. Zikauma mumadula waya uja. Misomali siifunika kwenikweni. Mapulani a maboti osokedwa motere amagulitsidwa pa intaneti, ndipo chonde musasinthe miyezo poganiza kuti mukukonza.

Pa plywood pokha musaumire ndalama. Ya m'mahadiweya yopangira makabati imafufuma n'kusendeka ikangokhala m'madzi. Funani ya marine, yopangidwira kukhala m'madzi, makamaka yolembedwa BS 1088. Musanagule mapepala onse, dulani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa maola angapo, kaumitseni padzuwa, kawiritseninso. Kakayamba kulekana, musiyeni wogulitsayo ndi katundu wake.

Chinthu chomwe ambiri sachiona ali pagombe chili pansi pa madzi. Pakati pa boti pamakhala kabokosi kolowetsamo thabwa lopyapyala lomwe limatsikira m'madzi. Popanda thabwa limeneli, mphepo ikaomba cham'mbali boti limangotsetsereka chammbali, ndipo mungathe kupita kokha kumene mphepo ikupita. Likakhalapo, boti limatha kuloza chakumene mphepo ikuchokera mopendeketsa ndi madigiri pafupifupi 45, kumakhota uku ndi uku mpaka kufika. Mipikisano yambiri ya makalabu imayamba ndi chigawo chopita kumphepo chotere, ndipo ndi pomwe odziwa amasiyira anzawo. Thabwali ndi tsigiro muzipale mosamala koposa china chilichonse. Musaiwalenso zipinda zotsekeredwa mpweya kutsogolo ndi m'mbali. Boti laling'ono la thanga limagudubuzika, ngakhale kwa akatswiri, ndipo zipindazi ndi zomwe zimakulolani kulitembenuza n'kukweramonso.

Tsono za kupikisana ndi a fayiba. Pa liwiro lenileni, maboti a fayiba a mimba ziwiri adzakusiyani kutali. Koma makalabu ambiri sawerenga amene wafika poyamba basi. Pali njira yotchedwa Portsmouth Yardstick: mtundu uliwonse wa boti uli ndi nambala yake, ndipo nthawi yomwe mwatenga amaichulukitsa ndi 1,000 n'kuigawa ndi nambalayo. Boti lochedwa limakhala ndi nambala yaikulu, choncho mutha kufika omaliza koma n'kupambana ngati mwaliyendetsa mwaluso. Ichi ndi chifukwa china chotsatira pulani ya boti lodziwika. La m'mutu mwanu lilibe nambala, ndipo a kalabu adzavutika kukuikani pagulu.

Mpikisano waukulu wa pa nyanja ya Malawi, woyambira ku Mangochi kulowera kumpoto mtunda wa makilomita pafupifupi 500, umachitika cha mu Julaye, nthawi ya mwera. Inu a ku Salima mwera mukuudziwa kuposa ine, ndipo mukudziwa mafunde omwe umautsa. Umenewo si wa boti la mamita atatu, ndipo musalole munthu akunyengerereni.

Pomwe mukusonkhanitsa zipangizo, pitani kwa eni maboti a ku Senga Bay aja mukawapemphe kuti muziwathandiza kugwira zingwe. Ambiri amasowa wachiwiri, ndipo kalipentala wotha kukonza tsigiro yothyoka samubweza. Lanulo likatha, kaliyeseni m'mawa nyanja ili bata, pafupi ndi gombe, mutavala jekete yoyandamitsa, wina ali pambali ndi bwato. Tsiku loyambalo muligudubuze dala pamadzi ofika m'chifuwa kuti muphunzire kulidzutsa.