Bwalo la ku Piran lomwe kale linali madzi

Wowerenga wina wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaona chithunzi cha Piran, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Slovenia, ndiye chawazunguza mutu ndi ichi: nyumba zonse n'zothithikana, timisewu take ngati mipita, nanga malo a bwalo lalikulu chonchija, looneka ngati dzira, anawapeza kuti?

Achimwene, malowo sanawapeze, anachita kuwapanga. Pamene mukuona anthu akumwa khofi paja panali doko la mabwato a asodzi, madzi akulowa mpaka pakati pa tauni. Vuto linali lakuti madziwo sankayenda, ndipo zonyansa za m'nyumba zinkathera momwemo. Fungo litafika posauzana, akuluakulu a tauni analikwirira dokolo mu 1894. N'chifukwa chake nyumba zozungulira bwaloli zaima mokhota: zinkatsata gombe, zitayang'ana kumadzi.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1896, anaimikapo chiboliboli cha Giuseppe Tartini, katswiri woimba vayolini yemwe anabadwira m'tauniyi mu 1692. Anachiumba ndi Antonio Dal Zotto wa ku Venice, mzinda wa ku Italy, ndipo bwaloli limadziwika ndi dzina la Tartini. Nyumba yomwe anabadwiramo ili pomwepo.

Za dzira zija n'za njanji. Kuyambira 1912 mpaka 1953 kunali sitima yaing'ono ya magetsi yoyenda mumsewu, yopita ku matauni oyandikana nawo a Portorož ndi Lucija, ndipo inkatembenukira pabwaloli. Katswiri wa zomangamanga Boris Podrecca pokonzanso malowa anayala miyala yoyera motsata m'mene inkazungulira. Ine zimenezi zimandisangalatsa kuposa chiboliboli chenichenicho: sitima inapita kalekale, koma phazi lake lilipo.

Mukakweza maso, Venice ili paliponse, pakuti inalamulira Piran kuchokera mu 1283 mpaka 1797, ikudyerera mchere wa m'derali. Nyumba ya khonsolo ya tauni inamangidwa cha m'ma 1870, Venice itagwa kale, komabe pakhoma pake anaikapo mkango wamapiko wa Marko Woyera, chizindikiro cha Venice. Pamwamba pa phiri pali tchalitchi cha George Woyera, ndipo nsanja yake ya belu anaimanga motengera ya ku Venice, kungoti iyi ndi yaifupi.

Koma ine komwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa kanyumba kena ka pakona, ka m'zaka za m'ma 1400, komwe eni dera amakatcha Benečanka. Mazenera ake ndi osongoka pamwamba, ndipo kakhonde kake kamwala kanakhala pangodya penipeni, m'mwamba, kuti woimapo aziona mbali ziwiri. Pakati pa mazenera pali kamwala kozokotedwa mawu akuti “Lassa pur dir”, kutanthauza kuti asiyeni alankhule. Nthano ya kumeneko imati wamalonda wina wachuma wa ku Venice anamangira nyumbayi chibwenzi chake, mtsikana wa ku Piran, anthu n'kuyamba miseche, iye n'kuwayankha pamwala. Kaya zinachitikadi, kaya ndi zokometsera alendo, koma taganizani: nthawi imeneyo patsogolo pa khondelo panali madzi, ndipo asodzi onse pokocheza mabwato ankawaona mawuwo, afune asafune.