Kwa amene apeza 486 ndi Pentium III: tsegulani kaye musanalumikize kumagetsi

Akulu, mwati mwapeza makompyuta awiri akale, 486 ndi Pentium III ya Slot 1 (ya CPU yooneka ngati katiriji yosomeka pa bolodi), ndipo mukufuna kuseweretsa magemu a DOS ndi a Windows 98. Mukufunsa yoti musunge ndi poyambira. Mwatinso 486 simunaiyese, pomwe Pentium III imayaka, fani n'kumazungulira, koma pa sikirini osaoneka kanthu.

Sungani zonse ziwiri ngati malo alipo, koma ndalama ziyambe kupita pa Pentium III, chifukwa payokha ikhoza kuyendetsa magemu ambiri a kuyambira 1993 mpaka cha m'ma 2001. Koma 486 ndiye muitsegule lero lomwe, ndipo musailumikize kumagetsi.

Vuto lake ndi batire. Ma motherboard (bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta) ambiri a 386 ndi 486 ali ndi batire la NiCd la 3.6V, looneka ngati kambiya, lowotcherera pafupi ndi polowa kiyibodi. Likakalamba limachucha, ndipo madzi ake amadya tinjira ta kopa ta pa bolodi pang'onopang'ono, ngakhale kompyuta ili chikhalire. Mukaona zoyera kapena zobiriwira pamiyendo ya batire, pa soketi ya kiyibodi kapena m'ma slot a ISA (mipata yakuda yosomekamo makhadi), ndiye kuti layamba kale. Lidulenipo ndi pulaya. Madzi amenewa si asidi, ndi alkaline, choncho otsukira ake ndi viniga woyera osati soda. Pakani viniga ndi mswachi wakale, dikirani mphindi 5 mpaka 10 thovu lileke, tsukuluzani ndi madzi a distilled, kenako isopropyl alcohol ya 99%, n'kuyanika tsiku lathunthu. Bolodi ikauma, ikani multimeter pa continuity, muyeze kanjira kalikonse kamene kada. Kamene kaduka mukalumikize ndi kawaya ka 30 AWG. Tinjira ta kiyibodi nditimene timayamba kudyeka, ndiye 486 ikamadzadandaula za kiyibodi pomwe kiyibodiyo ilibe vuto, mudzayang'ane pamenepo.

Pamalo pa batire lakalelo musawotcherere CR2032, kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, mwachindunji. Bolodi inapangidwa kuti izitchaja batire, ndipo CR2032 si lotchaja. Ikani diode pakati, makamaka ya Schottky monga BAT85, chifukwa 1N4148 imadya pafupifupi 0.6V pa 3V yochepa kaleyo. Njira yabwino kuposa pamenepo ndi mapini anayi a batire lakunja amene mabolodi ambiri ali nawo: mabatire atatu a AA, omangirira patali ndi bolodi. Ngati simukuona batire konse koma pali kabokosi kakuda kolembedwa Dallas DS1287 kapena DS12887, batire lili m'kati mwakemo. Likatha, kompyuta imaiwala tsiku ndi mtundu wa hard disk nthawi iliyonse mukaizimitsa, ndipo pamafunika kusintha kabokosi konseko.

Power supply muiyese payokha, bolodi mutaichotsa, mutangolumikiza hard disk yakufa kuti pakhale chokoka magetsi. Yambani ndi kaswitchi kofiira kakumbuyo ka 115 ndi 230, kakhale pa mlingo wa magetsi amene mukugwiritsa ntchito. Ya mtundu wa ATX, monga ya Pentium III, imayaka mukagunditsa waya wobiriwira ndi wakuda. Pa waya wofiira pazikhala pakati pa 4.75V ndi 5.25V, pa wachikasu pakati pa 11.4V ndi 12.6V. Ikapitirira pamenepo musaikhulupirire. Ya 486 ndi ya mtundu wa AT, ya mapulagi awiri ofanana, P8 ndi P9, ndipo polumikiza mawaya akuda akumane pakati. Mukatembenuza, bolodi yapita. Switchi ya AT imadutsa magetsi a pakhoma enieniwo, musaigwire kumbuyo pulagi ili pakhoma.

Kugula power supply yatsopano kuli ndi misampha yake. Za masiku ano mphamvu zake zili pa 12V, pomwe Pentium III imakoka kwambiri pa 5V, ndiye werengani pepala la pambali, 5V ikhale 20A kapena kuyandikira apo. Zatsopanozi zilibenso -5V, waya woyera uja, imene makhadi ena akale monga Sound Blaster 2.0 amafuna. Ndipo ngati Pentium III yanuyo ndi ya Dell, samalani: makina ambiri a Dell a nthawi imeneyo ali ndi pulagi yooneka ngati ya ATX koma mawaya ake anayalidwa mosiyana, moti power supply wamba imawotcha bolodi.

Tibwere pa Pentium III yosaonetsayo. Kuzungulira kwa fani kumangosonyeza kuti 12V ilipo, basi. Chotsani chilichonse: hard disk, CD, floppy, makhadi onse. Patsale CPU, RAM imodzi, khadi la video ndi kasipika kakang'ono ka pa bolodi, kamene ngati palibe mukapeze, chifukwa popanda iko mukugwira ntchito mumdima. Poyamba chotsaninso RAM ija n'kuyatsa. Ikalira mobwerezabwereza, kondwerani, CPU ndi BIOS (pulogalamu ya pa bolodi imene imadzutsa kompyuta) zili moyo. Bwezerani RAM. Pa BIOS ya Award, kulira kamodzi kotalika ndi kawiri kofupika ndi vuto la video, kulira kotalika kosalekeza ndi RAM. Ikakhala chete ngakhale RAM palibe, kayikirani CPU, magetsi kapena bolodi yeniyeniyo.

Nthawi zambiri pa Slot 1 vuto limakhala dothi chabe. Zulani CPU, pukutani mano ake agolide ndi isopropyl, muibwezere mpaka ikhazikike mbali zonse ziwiri. Chitani chimodzimodzi ndi RAM ndi khadi la video la AGP, limene limakonda kutukuka kumbuyo pomanga sikuluwu. Ikani CR2032 yatsopano, mufufute CMOS (momwe BIOS imasunga zosankha zake) ndi jumper yake, chifukwa mabolodi ena sayamba n'komwe batire likafooka. Kenako werengani zolembedwa pamwamba pa CPU. Ma Pentium III oyamba, a Katmai, amafuna 2.0V, pomwe a Coppermine amafuna cha m'ma 1.65V, ndipo mabolodi ena oyambirira a Slot 1 sangatsike kufika pamenepo. Ngati wina anangosomekamo CPU imene anaipeza, chete ameneyu akhoza kuchokera apo. RAM nayonso ili ndi nkhani: chipset ya Intel 440BX imawerenga bwino SDRAM ya 256MB ikakhala ya ma chip 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse. Ya 256MB ya ma chip 8 okha imaoneka theka, kapena osaoneka konse. Mutumize chithunzi cha bolodi poonekera dzina lake, ndi cha zolembedwa pa CPU, tikuuzeni ngati zikugwirizana.

Muli pomwepo, yang'anani ma capacitor ozungulira CPU. Mabolodi ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 anali ndi ma capacitor osalimba. Yotupa pamwamba, yopendekeka kapena yotuluka zofiirira yafa, ndipo imodzi ikafa sinthani zonse za mtundu umenewo, zinzakezo zili m'njira. Zatsopano zikhale za low ESR, za 105°C, ma µF ofanana, voltage yofanana kapena yoposerapo pang'ono, monga 10V m'malo mwa 6.3V. Za Panasonic, Nichicon ndi Rubycon n'zodalirika. Jambulani chithunzi musanazule, chifukwa mzere wa pa capacitor ndi negative koma chizindikiro cha pa bolodi sichifanana kwa opanga onse: pa mabolodi a ASUS mbali yopaka zoyera ndi positive. Bolodi ili ndi kopa wambiri m'kati amene amameza kutentha, ndiye soldering iron yaing'ono ya 25W ingokuvutitsani. Pamafunika ya 60W kupita m'tsogolo, flux, ndi kuthira solder watsopano pa wakaleyo kuti asungunuke. Musakoke mwamphamvu, mungazule kachubu ka m'bowo kamene kamalumikiza tinjira ta m'kati.

Hard disk yakale musaidalire. Ikani khadi la memory la CompactFlash pa adapter ya IDE, ndipo kukula kwake muyendere BIOS. Ma 486 ambiri amalekera pa 504MB, mabolodi ena apambuyo pake pa 8.4GB, Award 4.51 yosasinthidwa imaima ikaona yoposa 32GB, ndipo Windows 98 payokha sidutsa 137GB. MS-DOS 6.22 imagwiritsa ntchito FAT16, partition iliyonse osaposa 2GB. Choncho 512MB pa 486 (mpaka 2GB ngati BIOS yake ikulola), ndi 16GB kapena 32GB pa Pentium III, n'zokwana. Partition muipange pa kompyuta yakaleyo ndi FDISK, osati pa laputopu, muiike active, kenako FORMAT C: /S. Ikakana kuyamba, lembani FDISK /MBR, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ma floppy ambiri anafa kale, ndiye Gotek yokhala ndi FlashFloppy imalowa m'malo mwa drive n'kumawerenga pa flash.

Poika Windows 98 SE, koperani foda ya WIN98 pa C: n'kuyambitsa SETUP kuchokera pamenepo, kuti isamadzakufunseni CD nthawi iliyonse mukasintha kanthu. Ma driver a chipset ayambe, kenako DirectX, video, sound pomalizira. RAM ya 256MB ndi yokwana. Ikapitirira 512MB, Windows 98 imayamba kunena kuti memory yatha pomwe ili yambiri, ndipo mankhwala ake ndi kulemba MaxFileCache=262144 pansi pa mutu wa [vcache] mu fayilo ya SYSTEM.INI. Kuti izione ma flash, ikani driver ya USB yotchedwa NUSB. Pa intaneti musaiike, Microsoft inasiya kuisamalira mu 2006.

Pamene anthu ambiri amataya ndalama ndi pa sound. Magemu a DOS amalankhula ndi khadi mwachindunji kudzera pa IRQ ndi DMA za ISA (njira zimene khadi limalumikizirana nazo ndi CPU ndi memory), ndipo makhadi a PCI amangoyerekezera, magemu ena n'kumalira, ena ayi. Ngati bolodi yanu ili ndi slot yakuda yaitali ya ISA ngakhale imodzi, gulani khadi la ISA. Sound Blaster 16 ndi AWE64 n'zodziwika, koma makhadi otsika mtengo a Yamaha YMF719 ndi ESS ES1868F amagwira bwino ntchito, ndipo la Yamaha lili ndi chip ya nyimbo ya OPL3 yeniyeni, nyimbo zimamveka mmene opanga gemu anafunira. Mu AUTOEXEC.BAT, mzere wa Sound Blaster 16 umakhala SET BLASTER=A220 I5 D1 H5 P330 T6. Manambala amenewa afanane ndi amene mwasankha mu SETUP ya gemu. Nyimbo zikamamveka koma mfuti ndi mawu ayi, kapena mawu akangolira kamodzi gemu n'kuima, IRQ kapena DMA yalakwika. Magemu ena akale kwambiri amayembekezera IRQ 7, imene imalimbirana ndi polowa printer, ndiye zimitsani parallel port mu BIOS. Makhadi a Plug and Play amafuna kudzutsidwa mu DOS, ndipo kapulogalamu ka UNISOUND kamachita zimenezi popanda kudya memory.

Memory ya DOS ndi 640KB yoyambirira ija, ngakhale kompyuta ikhale ndi 256MB. Gemu ikakana kuyamba, lembani MEM /C muone chimene chadya. Mu CONFIG.SYS muzikhala HIMEM.SYS, EMM386.EXE RAM ndi DOS=HIGH,UMB, ma driver muwakweze ndi DEVICEHIGH ndi LH. Driver ya mouse ya CuteMouse imatenga pafupifupi 3KB, ndipo pa za CD, SHSUCDX ndi yaing'ono kuposa MSCDEX. Mukafika 600KB, magemu ambiri akhutira. Alipo ena odana ndi EMM386, ndiye pangani menu mu CONFIG.SYS yokhala ndi chisankho chopanda iyo.

Chifukwa chenicheni chosungira 486 ndi liwiro. Doom ya 1993 imayenda bwino pa makina onse awiri, Quake ya 1996 imafuna Pentium, koma Wing Commander ya 1990 inalembedwera 386 ndipo pa Pentium III imathamanga mosaseweretseka. Kuzimitsa L1 cache (memory yothamanga ya m'kati mwa CPU) mu BIOS kapena ndi kapulogalamu ka SETMUL kumagwetsa liwiro kwambiri, pena mopitirira muyeso, pomwe 486 ili ndi batani la Turbo losinthira liwiro. Mukaona Runtime error 200, imeneyo ndi gemu yolembedwa ndi Turbo Pascal imene imasokonezeka pa CPU yoposa cha m'ma 200MHz, ndipo TPPatch imakonza fayilo yake.

Pa video, S3 Trio64 kapena ViRGE ndi yosavuta mu DOS, bola muone ngati 486 yanu ili ndi slot ya PCI kapena ya VLB musanagule. Pa Pentium III, Voodoo3 ya 1999 imakupatsani Glide, njira ya zithunzi za 3D imene magemu ena a nthawi imeneyo amagwiritsa ntchito, koma osonkhanitsa anaikweza mtengo. GeForce4 MX 440 kapena Ti 4200 ndi driver 45.23 ndi poyambira pabwino. AGP ya 440BX ndi ya 3.3V, khadi la 1.5V lokha silikwana, ndipo khadi la 3.3V ngati Voodoo3 likalowa m'bolodi ya 1.5V yokha likhoza kuiwotcha.

Magemu ambiri a DOS amatulutsa 320x200 pa 70Hz, ndipo tima adapter ta VGA kupita ku HDMI tambiri timakana 70Hz, n'kukusiyani ndi sikirini yakuda pomwe kompyuta ilibe vuto. Poyesa Pentium III ija gwiritsani ntchito monitor yokhala ndi VGA yakeyake, ya 4:3 ngati ilipo. Mukapeza CRT, monitor yakale yachimimba kumbuyo ija, ndiyo yoyenera magemuwa, koma musaitsegule: m'kati mwake mumafika cha m'ma 25,000V, ndipo magetsi amatsalira ngakhale mutazula pulagi.